ZA MOYO WA PA BANJA: NTHENDA YOTSATA MTUNDU

Mwezi uno tiri ndi mau olemera, ndipo tikupemphani kuti muwawerenge pamodzi madzulo mutatha kudya, akulu ndi anyamata omwe, ndi kuti wodziwa kuwerenga awerengere anzache osadziwa.

Tsiku lina la Mulungu, Misa itatha, mai wina wa ku mudzi wa m'mbali mwa nyanja, kufupi ndi Malindi, anatitsata pa njira, nagwada, nati: "Abambo, mundithandize nzeru, pakuti za kwathu zandikulira." Ndipo anatisimbira za mwamuna wache, msodzi wa zaka ngati 40, amene kale anali wodziwika pa doko chifukwa cha mphamvu zache ndi kufatsa kwache. Zaka zitatu zapitazo zala zache zinayamba kugwedezeka zokha posoka ukonde; pambuyo pache nkhafi inayamba kumpulumuka m'manja; tsopano mapewa atukuka okha, nkhope ichita tsinya iye osafuna, ndipo poyenda adzandira. Anzache a pa chilimira anamkana, nati aledzera, chinkana iye salawa mowa. Munthu uja wofatsa apsya mtima lero ndi kanthu kachabe. Atate ache anafa ndi nthenda yotere, ndi mlongo wa atatewo yemwe. Abale a mwamunayo aloza chala agogo ena okalamba a m'mudzimo kuti ndiwo amlodza. Amalume a maiyo amuuza kuti abweze mkamwini kwao chuma cha mbumba chisanathere kwa asing'anga. Ana alipo anai. Ndipo funso lache lotsiriza linali ili: "Kodi ana angawa naonso adzatero?"

Dzina la maiyo sititchula, ngakhale la mudzi wache. Ife sitiri madotolo, ndipo woyenera kutchula dzina la nthenda ya munthu ndiye dotolo amene wampima. Koma zimene anatisimbirazo zifanana ndi nthenda ina imene anzeru za mankhwala aidziwa bwino, ndipo taona kuti nkwabwino kuifotokoza pano. Pakuti banja losadziwa chimene lidwala litaya mbuzi zache kwa oombeza, lidana ndi anansi ache, ndipo wodwalayo atsala wopanda womsamala.

DZINA LACHE NDI MBIRI YACHE

Nthendayi aitcha nthenda ya Huntington, potsata dzina la George Huntington, dotolo wa ku America, amene anaifotokoza m'chaka cha 1872, ali mnyamata wa zaka 22. Atate ache ndi agogo ache anali madotolo pa mudzi womwewo wa East Hampton, pa chisumbu cha Long Island, ndipo atatuwo anapenyerera mabanja amodzimodzi mibadwo ingapo. Chifukwa chache iye anatha kuona zimene dotolo wongodutsa sakadaziona: kuti nthendayi ichoka kwa kholo kunka kwa mwana, kuti iyamba munthu atakula kale, ndi kuti mwana wa wodwala akafika ku ukalamba osadwala, ana ache ndi adzukulu ache apulumuka.

Kale ku Ulaya nthenda zogwedeza thupi motere anazitcha gule wa Vitus Woyera, popeza odwala anali kunka ku matchalitchi a woyerayo kukapempha chithandizo, ndipo kwa wopenya patali kugwedezekako kuoneka ngati kubvina. Koma wodwalayo sachita dala. Thupi ligwedezeka lokha, ndipo kumuuza kuti akhale chete kuli ngati kuuza munthu wa chifuwa kuti aleke kutsokomola.

Ndi nthenda yosowa. Ku maiko a Azungu ipezeka pa anthu ngati 5 kufikira 10 mwa anthu 100,000. Kale ena anaganiza kuti iri ya Azungu okha, koma si momwemo iai. M'chaka cha 1981 dotolo wina, dzina lache Scrimgeour, analemba za anthu odwala nthendayi ku Tanzania. Ndipo m'chaka cha 1992 iye yemweyo ndi mnzache Pfumojena analemba za mabanja a anthu akuda a ku Zimbabwe okhala kufupi ndi malire a Mozambique. Ku South Africa ipezeka pa mitundu yonse ya anthu. Ndiponso m'chaka cha 2001 anzeru anazindikira nthenda ina yonga mphwache wa iyi, yofanana nayo m'zizindikiro, imene aitcha HDL2, ndipo imeneyo ipezeka pa anthu a magazi a mu Africa.

ASODZI A KU NYANJA INA

Amene anathandiza kuulula chinsinsi cha nthendayi ndiwo asodzi onga a kuno kwathu. Ku dziko la Venezuela kuli nyanja yaikulu, dzina lache Maracaibo, ndipo m'mbali mwache muli midzi ya asodzi osauka, monga San Luis ndi Barranquitas, kumene nthendayi ichuluka koposa. Dotolo wa komweko, Americo Negrette, poona munthu akudzandira pa mseu anayesa kuti waledzera, kufikira eni mudzi anamuuza kuti ndi nthenda ya pfuko lao. Ndipo iye anayamba kulemba za iwo m'zaka za m'ma 1950. Pambuyo pache, kuyambira chaka cha 1979, mai wina wa ku America, Nancy Wexler, amene amai ache anafa ndi nthenda yomweyo, anapita ku midziyo kawiri kawiri pamodzi ndi anzache, zaka zoposa 20. Anakhala pansi ndi akuluakulu, nafunsa mibadwo, wakuti anabala wakuti, kufikira analemba maina a anthu oposa 18,000 a pfuko limodzi; ndipo anthuwo anapereka magazi ao kuti apimidwe. Ndi magazi a asodziwo anzeru anapeza, m'chaka cha 1983, dera la m'thupi mmene mubisala chiyambi cha nthendayi, ndipo m'chaka cha 1993 anapeza kambeu keni keni koiyambitsa. Chotero zimene tilemba pansipa zinaoneka ndi kupimidwa, ndipo mukhoza kuzikhulupirira.

MAYENDEDWE ACHE M'MAGAZI

Thupi la munthu lamangidwa ndi tizigawo tating'ono ting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. M'selo iri yonse muli timitolo 46 ta malangizo a chibadwa, 23 tochokera kwa atate ndi 23 tochokera kwa amai. Ndipo m'timitolomo muli timbeu timene tilamulira msinkhu wa munthu, khungu lache, ndi nkhope ija imene tinena kuti wafanana ndi agogo ache. Pa Chingelezi kambeu kamodzi akatcha jini. Koma chenjerani, pakuti mau amenewa alibe chibale ndi majini a mizimu amene anthu a kuno awaopa. Mukamva dotolo anena za majini, anena za mbeu ya chibadwa, osati za ziwanda iai.

Kambeu ka nthendayi kali m'kamtolo kachinai, ndipo munthu ali yense ali nato tiwiri, kena ka atate ache, kena ka amai ache. M'kati mwache muli zilembo zitatu, C A G, zobwerezedwa motsatizana monga mfundo pa chingwe cha khoka. Mfundozo zikakhala 26 kapena zochepera, palibe kanthu. Zikafika 40 kapena kupitirira, munthuyo adzadwala msinkhu wache ukakwana. Pakati pa 36 ndi 39 ena adwala, ena iai. Kambeu kotalikitsa kotere kapanga chinthu chimene chiononga pang'ono pang'ono maselo a m'kati mwa ubongo, makamaka pa dera limene liongolera mayendedwe a thupi ndi kudziletsa kwa mtima.

Tsono tiyankhe funso la mai uja. Tengani thumba, muikemo nyemba ziwiri, yoyera ndi yofiira. Kholo lodwala liri ngati thumba limenelo. Pa mimba ya mwana ali yense dzanja lilowa m'thumba osapenya, litenga nyemba imodzi, ndipo nyembayo ibwezedwamo. Mwana wolandira yoyera sadzadwala, ndi ana ache omwe. Wolandira yofiira adzadwala akakula. Chotero pa mwana ali yense mwai uli pakati ndi pakati, ndipo thumba silikumbukira za mwana woyamba: mwa ana anai akhoza kudwala awiri, kapena onse, kapena osadwala ndi mmodzi yemwe.

Kuno kwathu tiwerenga mbumba potsata amai, ndipo ena ayesa kuti nthenda ya kuchimuna siingalowe m'mbumba yao. Kumeneko nkulakwa. Nthendayi ichokera kwa atate kapena kwa amai mofanana, ndipo igwira ana amuna ndi ana akazi mofanana. Siipatsirana pa kudyera mbale imodzi, kapena pa kugona pa mphasa imodzi, kapena pa kuchapa zobvala za wodwala; mkazi saitenga kwa mwamuna wache, kapena mwamuna kwa mkazi wache. Siiri mdulo, siiri tsempho. Ndipo agogo okalamba aja alibe mlandu, pakuti nyemba inatengedwa kale mwamunayo asanabadwe. Kumbukiraninso kuti lamulo la Boma la m'chaka cha 1911 linaletsa kutchula munthu mfiti, ndi kuti lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu liletsa kunamizira mnzathu.

ZIZINDIKIRO ZACHE

Kawiri kawiri nthendayi iyamba pakati pa zaka 30 ndi 50, munthu atakwatira kale nabala ana. Ndicho chifukwa chache ifalikira m'pfuko osadziwika. Igwira munthu patatu. Pa thupi: zala, mapewa, nkhope ndi miyendo zigwedezeka zokha, zinthu zigwa m'manja, mayendedwe ali odzandira, mau atuluka mosamveka, ndipo kumeza kubvuta. Pa nzeru: munthu achedwa kuyankha, alephera kuchita zinthu ziwiri nthawi imodzi, asokoneza chiwerengero cha ndalama za nsomba, akakamira chinthu chimodzi osachileka. Pa mtima: apsya mtima msanga, agwidwa ndi chisoni chachikulu, kapena angokhala osafuna kugwira kanthu, ndipo anthu amuyesa waulesi. Nthawi zambiri za mtimazi ziyamba zaka zingapo thupi lisanayambe kugwedezeka, ndipo mabanja ena apasuka pa nyengo imeneyo, mkazi poyesa kuti mwamuna wache wasanduka woipa.

Nthendayi iyenda pang'ono pang'ono, zaka 15 kufikira 20 chiyambire. Pa mapeto kugwedezeka kuchepa, thupi liuma, wodwala agona pansi osatha kulankhula. Koma dziwani kuti ngakhale pamenepo amva zambiri zimene zinenedwa, ndipo azindikira abale ache. Chifukwa chache musanene pamaso pache mau amene simukadanena akadakhala wolimba. Pa anthu owerengeka nthendayi iyamba asanafike zaka 20, makamaka ikachokera kwa atate. Pa ana otere thupi liuma m'malo mwa kugwedezeka, maphunziro abwerera m'mbuyo, ndipo ena agwa ngati akhunyu.

ZA KU CHIPATALA

Si kugwedezeka konse kuli nthenda ya Huntington. Mwana wa sukulu amene ayamba kugwedezeka miyezi ingapo atadwala zilonda za pakhosi ali ndi nthenda ina, imene ichira, koma ifuna mankhwala a penisilini kuti mtima wache usaonongeke. Mai wapakati akhoza kugwedezeka kufikira atachira. Nthenda ya shuga, chindoko chokhalitsa, kachirombo ka HIV, kufa kwa ziwalo, ndi mankhwala ena a misala, zonsezi zikhoza kugwedeza thupi, ndipo zambiri mwa izo ziri ndi chithandizo. Chifukwa chache musaweruze nokha pa khomo. Safunsa anadya phula.

Yambani pa chipatala cha pafupi, monga cha St Martin cha abale athu a Anglican pa Malindi, kapena muoloke Shire kunka ku chipatala cha Boma ku Mangochi. Akaona kuti nkofunika adzakulemberani kalata ya ku Zomba kapena ya ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli madotolo akulu ndi makina ojambula ubongo. Tengani kabuku ka chipatala ka wodwalayo ndi mankhwala onse amene akumwa. Koposa zonse tengani munthu wamkulu wodziwa mbiri ya pfuko, ndipo musananyamuke mulembe pa pepala mibadwo itatu, ya kuchimuna ndi ya kuchikazi: anadwala ndani, anayamba ali ndi zaka zingati, anafa bwanji. Musabise iwo amene anthu anati anapenga, kapena anamira m'nyanja mosadziwika bwino, kapena anadzipha, pakuti pepala limenelo liuza dotolo zambiri koposa makina.

Dotolo adzauza wodwala kuti atulutse lilime nalisunge kunja, afinye zala za dotoloyo osaleka, atsate chala ndi maso, ayende pa mzere woongoka. Pakuti wodwala nthendayi alephera kusunga lilime kunja, ndipo dzanja lache lifinya ndi kuleka, kufinya ndi kuleka, ngati wokama ng'ombe. Zizindikiro izi pamodzi ndi mbiri ya pfuko zikwanira nthawi zambiri kuti dotolo adziwe. Chotsimikiza kweni kweni ndiko kupima magazi ndi kuwerenga mfundo zija, nchito imene ichitika m'nyumba zopimira zazikulu monga za ku Johannesburg ndi ku Cape Town.

Magazi akhozanso kuulula ngati munthu wosadwala analandira nyemba yofiira. Pa ichi madotolo a maiko ambiri anagwirizana kuti apime munthu wamkulu yekha, wa zaka 18 kapena kuposa, amene wafuna mwini wache atalandira uphungu wokwanira. Mwana wosadwala sapimidwa, ndipo palibe kholo, nkhoswe kapena bwenzi woyenera kukakamiza munthu. Pakuti chimene wamva sungachibweze, ndipo ambiri a m'mabanja otere asankha kukhala osadziwa.

Mankhwala ochiritsa nthendayi kulibe m'zipatala za dziko liri lonse. M'chaka cha 2025 madotolo a ku London analengeza kuti ayesa pa anthu ochepa mankhwala olowetsedwa m'ubongo pa opaleshoni, ndi kuti nthenda inaoneka kuyenda mochedwa. Koma kumeneko kunali kuyesa chabe. Tsono munthu wakuuzani kuti aichotsa ndi mphini kapena ndi madzi a m'botolo mukampatsa mbuzi, afuna mbuziyo. Koma mankhwala ochepetsa masautso alipo. Haloperidol wa muyeso wochepa achepetsa kugwedezeka ndi ukali. Amitriptyline kapena fluoxetine athandiza wa chisoni chachikulu. Awa aperekedwe ndi dotolo yekha, pakuti akachuluka aumitsa thupi nagonetsa munthu tsiku lonse. Mukaona zotere bwererani, dotolo asinthe muyeso.

KUSAMALA WODWALA PA KHOMO

Nchito yaikulu iri pa khomo, ndipo nazi zimene tipempha kuti muzisunge.

Choyamba, chakudya. Thupi logwedezeka usana wonse litha mphamvu ngati la munthu wokoka khoka, ndipo wodwala aonda chinkana adya. Mpatseni pang'ono pang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku: phala lothira nsinjiro, mazira, nthochi zakupsya, mbatata yophwanya, nsima yofewa ndi msuzi wambiri, usipa wosinja. Chambo muchichotse minga yonse. Adye atakhala tsonga, chibwano chitaweramira pang'ono, pa malo opanda phokoso, ndipo musamlankhulitse chakudya chiri m'kamwa. Zakumwa zolimbirako, monga thobwa kapena phala lamadzi, zimezeka bwino koposa madzi. Atatha kudya akhalebe tsonga theka la ora. Musapeputse ichi, pakuti chakudya cholowa njira ya mpweya chibala chibayo, ndipo chibayo ndicho chipha ambiri a nthendayi. Akayamba kutsokomola ndi kutentha thupi, mtengereni ku chipatala tsiku lomwelo.

Chachiwiri, moto ndi madzi. Asalowenso m'bwato, ngakhale nyanja iri bata, ndipo asasambe yekha ku doko. Mai wodwala asaphike yekha pa mafuwa, asabereke khanda pafupi ndi moto. Mphasa ya pansi iposa kama, pakuti pansi sagwa. Chotsani mipando ndi makasu pa njira yache. Agone m'neti ya udzudzu monga onse. Musammange ndi chingwe, musamtsekere m'nyumba.

Chachitatu, nchito. Munthu wochotsedwa pa nyanja asachotsedwe pa mudzi. Akhoza kuyang'anira usipa pa thandala, kutola nyemba, kuingitsa nkhuku, kukhala pa bwalo ndi anzache. Ayende tsiku ndi tsiku ndi womgwira dzanja, pakuti miyendo yosayenda iuma msanga. Akafika pogona pansi, mtembenuzeni kawiri kawiri usana ndi usiku, ndipo khungu lache likhale louma ndi laukhondo, kuti asachite zilonda.

Chachinai, mtima wache. Akakalipa, kumbukirani kuti ubongo wodwala ndiwo ukalipa. Musakangane naye, tulukani pang'ono, mubwerenso. Zinthu za tsiku zichitike pa nthawi zache zomwezo, pakuti zodzidzimutsa zimsautsa. Mfunseni funso limodzi lalifupi, ndipo dikirani yankho. Ana akakhala pa ngozi chifukwa cha ukali wache, uzani dotolo msanga. Ndiponso dziwani kuti odwala nthendayi ayesedwa koposa anthu ena kuti adziphe, makamaka pa nyengo imene aleka nchito. Bisani tameki, mankhwala a mbeu ndi zingwe. Akanena mau ofuna imfa musawayese nthabwala, koma musamsiye yekha, ndipo muuze wansembe ndi dotolo.

Chachisanu, za mawa. Nzeru zikali bwino, wodwala anene pamaso pa mboni za munda wache, ukonde wache ndi bwato lache, ndipo zilembedwe. Lamulo la Boma la m'chaka cha 2011 la chuma cha masiye linaika chilango pa olanda chuma cha akazi amasiye ndi ana.

Chachisanu ndi chimodzi, wosamalayo. Zaka 15 nzambiri pa msana wa mai mmodzi, ndipo mutu umodzi susenza denga. Abale a mbali zonse ziwiri agawane masiku. Mtsikana wamkulu asachotsedwe pa sukulu kuti akhale mlezi wa atate ache.

ZA UKWATI NDI ANA

Eklezia saletsa mwana wa wodwala kukwatira. Koma tinena kwa makolo ndi kwa ankhoswe kuti choonadi chinenedwe ukwati usanamangidwe. Mnyamata kapena mtsikana wa m'banja lotere auze bwenzi lache za thumba la nyemba lija, kuti mnzacheyo abvomere akudziwa chimene abvomera. Ndipo awiriwo akaonane ndi dotolo ndi wansembe, alingalire pamodzi pamaso pa Mulungu za ana amene adzabala. Malamulo a Eklezia a m'chaka cha 1983 anena kuti ukwati umene munthu analowa atanyengedwa dala pa chinthu chachikulu chokhoza kusautsa moyo wa banja suli ukwati woona. Kubisa kuchedwetsa misozi chabe.

Koma kwa iwo amene nthenda yawapeza ali m'banja kale, lonjezo lija la pa guwa la nsembe likhalabe, pakuti analonjezana kukhala pamodzi pa matenda pomwe. Mkamwini amene analima munda wa mbumba, namanga nyumba, nadyetsa ana zaka 20, sabwezedwa kwao ngati khasu lothyoka. Mwini mbumba woopa Mulungu aitane abale a mwamunayo, akhale pansi, apangane za chithandizo. Ndipo ana akafunsa, muwayankhe zoona monga mwa msinkhu wao: kuti atate adwala m'ubongo, kuti salodzedwa, kuti si mlandu wa munthu. Mwana wobisiridwa amva zonse ku chitsime, ndipo azimva moipa.

UDINDO WA AKRISTU ONSE

Pamene ophunzira anafunsa Ambuye Yezu za munthu wobadwa wakhungu, kuti anachimwa ndani, iye kapena makolo ache, Ambuye anakana zonse ziwiri. Nthenda iyi siiri chilango cha pfuko. Pa 18 May 2017 malemu Papa Francis analandira ku Vatican odwala nthendayi ndi mabanja ao ochokera ku maiko ambiri, ena a iwo a m'midzi ija ya ku Maracaibo. Anawauza kuti nthendayi isabisikenso, ndi kuti palibe nthenda ichotsa ulemu wa munthu pamaso pa Mulungu. Ndipo atatha kulankhula anayenda pakati pao, nawapatsa moni mmodzi mmodzi, nawafungatira. Ngati Atate Woyera sanachite manyazi ndi iwo, ife tidzachita manyazi bwanji ndi mbale wathu wa pa Mphakati?

Chifukwa chache tipempha atsogoleri a Miphakati, a Lejio ya Maria ndi amai a Chikatolika kuti afufuze ngati m'midzi mwao muli wodwala wotere wobisidwa kuseri kwa nyumba, kaya ndi mkristu, kaya ndi Msilamu mnansi wathu. Mlimireni munda, mtungireni madzi, mkhalireni tsiku limodzi kuti womsamala apume napite ku msika. Mletseni mwana womseka pa njira. Akatha kuyenda, mdze naye ku tchalitchi, akhale pa mkeka pafupi ndi khomo, ndipo kugwedezeka kwache kusakhale chodabwitsa kwa inu. Aitanireni wansembe nzeru ndi mau zikalipo, kuti alape ndi kulandira Sakramenti la Kudzoza Odwala. Ndipo kumeza kukabvuta, uzani wansembeyo, adzampatsa kachidutswa kakang'ono ka Ukaristia.

Mai uja tinamuuza zomwezi. Tinampempha kuti aitane mlamu wache wamkulu alembe naye mibadwo, apite ndi mwamuna wache ku chipatala, aleke kulipira oombeza, ndi kuti akapereke moni kwa agogo aja onamiziridwa pamaso pa anthu. Za ana ache sitinathe kumlonjeza kanthu, koma tinamuuza kuti ali yense wa iwo akhoza kukhala wa nyemba yoyera, ndi kuti ngakhale wa nyemba yofiira ali nazo zaka zambiri za mphamvu, zoyenera sukulu, nchito ndi chikondi monga mwana wina ali yense.

M'mwezi uno, popemphera Kolona m'mabanja mwanu, muikepo banja limeneli ndi mabanja onse osenza nthenda zosachira, kuti Maria Virgo Woyera, amene anaima pa tsinde la mtanda, awapemphere chipiriro. Mwezi wa mawa, Mulungu akalola, tidzanena za khunyu, ndi za chimene tiyenera kuchita munthu akagwa pafupi ndi moto kapena m'madzi.